Sayansi ya ana yambirani kukhitchini

Achemwali, mwafunsa zoti ana anu awiri, wa zaka 5 ndi wa zaka 8, angamachite chiyani pa holide ino chowaphunzitsa sayansi, poti ndalama yogulira zida palibe. Musagule chida chilichonse. Zambiri muli nazo kale, ndipo chomwe chingasowe mukachipeza mumsika waukulu wa Zomba kapena pa Mpondabwino.

Ine ndikadakhala inu ndikadayamba ndi chidede. Wiritsani chidede chofiira chija, musefe, madziwo azizire. Dulani pakati mabotolo atatu apulasitiki owonekera mkati, mugawemo madziwo. Loyamba lisiyeni momwemo kuti muzifanizira. M'lachiwiri mwana afinyiremo ndimu, aona kufiira kukuwala. M'lachitatu athiremo kasupuni ka soda wophikira therere, pamenepo madzi achita thovu pang'ono, kufiira kutha, n'kuda mobiriwira. Ngati kwanu mumachezabe chidulo, chiyeseninso, chimachita ngati soda. Utoto wa m'chidede umasintha malinga ndi chomwe wakumana nacho, chowawasa kapena cha mtundu wa soda. Chomwe ndimakondera masewero amenewa n'choti sathera pomwepo. Mwana amayamba yekha kufunafuna zoti ayese, madzi a bwemba, a malambe, viniga, sopo wochapira. Msiyeni ayese, wamkuluyo azilemba m'kope chomwe chafiiritsa ndi chomwe chadetsa. Kenako afinyire ndimu wambiri m'botolo lakuda lija, aone kufiira kukubwerera.

Soda yemweyo amafufumitsa chibaluni. Thirani viniga kapena madzi a mandimu m'botolo laling'ono, soda mumuike m'chibaluni, muveke chibalunicho kukamwa kwa botolo, kenako mwana achiimike kuti soda agwere pansi. Ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya wa carbon dioxide, womwewo umatupitsa chigumu. Chonde musatseke botololo ndi chitsekerero chake, likhoza kuphulika.

Za dzira n'zachangu. Dzira laliwisi labwinobwino limamira m'madzi. Mwana azithira mchere supuni imodzi imodzi akutakasa mpaka liyandame, chifukwa madzi amchere amalemera kuposa madzi wamba. Madzi amcherewo musataye. Thirani pang'ono m'mbale yakuda, muike padzuwa. Akauma, patsala timiyala toyera ta mchere, ndipo wamng'onoyo akalawa sakhulupirira. Apa ndi pomwe mungawafotokozere za nyanja ya Chilwa. Likangala, Domasi ndi Thondwe amathira madzi m'nyanjayi koma palibe mtsinje wotulukamo. Madzi amachoka ndi dzuwa, mchere n'kutsala, n'chifukwa chake madzi ake amamveka kamchere, ndipo zaka za chilala imaphwa monga inachitira mu 1995. Mwana wakuno ku Zomba, amene amadya matemba a ku Chilwa, nkhani imeneyi imamulowa msanga.

Akafunsa komwe madziwo apita, muonetseni chivindikiro cha poto wa madzi otentha, madontho ali ngundangunda kunsi kwake. Nthunzi ikakhudza chozizira imasanduka madzi, ndipo chifunga chomwe chimaphimba phiri la Zomba nthawi yachisanu chimapangika chimodzimodzi. Chivindikirocho muzigwira ndinu.

Wa zaka 5 uja mupatseni ntchito yakeyake. Ikani nyuzipepala yonyowa m'botolo, mulowetse nyemba zitatu pakati pa pepala ndi botolo kuti zizioneka. Pakatha masiku 3 mpaka 5 atulukira muzu, tsinde pambuyo. Botolo lina aike m'kabati mwamdima, pakatha sabata afanizire. Zamumdima zimatalika monyozoloka, zachikasu.

Koma chachikulu, achemwali, musathamangire kufotokoza. Akuluakulufe timafuna kuuza mwana yankho asanagwire n'komwe supuni, ndipo chidwi chimathera pomwepo. Musanayambe mufunseni kuti, "Ukuganiza kuti chichitika n'chiyani?" Akayankha zolakwika musamuseke kapena kumukonza, muuzeni ayese aone. Manja akhale ake, ngakhale atayikire pansi, n'chifukwa chake ndi bwino kuchitira pakhonde kapena pabwalo. Zikakanika, monga chibaluni kusafufuma, funsanani chomwe chavuta, kaya soda wachepa kaya mpweya ukuthawira m'mbali, muyambirenso. Tsiku limodzi chinthu chimodzi chakwana, mphindi 20 zokha, akakhala kuti akufunabe apitirize okha.

Moto, mpeni ndi madzi otentha zikhale m'manja mwanu. Mankhwala oyeretsera zovala, a mbewu, a makoswe ndi parafini zisayandikire masewerowa ngakhale pang'ono, ndipo muwauziretu kuti palibe kulawa chilichonse musanavomereze. Nyembazo ikani lero lomwe, poti ndi zomwe zimatenga masiku.