Kuteteza impso za bambo anu pa opaleshoni ya mtima

Achemwali, bambo asanalowe ku opaleshoni, asiye kumwa Brufen ndi diclofenac (mankhwala ochepetsa ululu) komanso mankhwala azitsamba, chifukwa angavulaze impso, ndipo mupemphe kuti awayeze creatinine (chinthu chimene impso zimasefa) m'magazi kuti zidziwike mmene impso zawo zilili panopa.

Pa opaleshoni zambiri za mtima, magazi amadutsa m'makina ogwira ntchito m'malo mwa mtima ndi mapapo, ndiye impso zimatha kulandira magazi operewera. Ngati zinatopa kale ndi shuga kapena BP, apa mpamene zimavulala. Mayi anga atachitidwa yawo, anamwino ankayeza mkodzo ola lililonse. Poyamba ndinkadabwa nazo, koma anandifotokozera kuti mkodzo ukayamba kuchepa, impso zikupempha thandizo.

Koma enalapril (wa BP), metformin (wa shuga) ndi aspirin musawaimitse nokha. Tengani mapaketi onse kwa dokotala wa opaleshoniyo, iye ndiye anene zoti asiye ndi tsiku lake. Mumuuzenso ngati posachedwa anawabaya utoto wojambulira mitsempha ya mtima, chifukwa nawonso umalemetsa impso. Akatuluka, mukaona mapazi atupa kapena mkodzo wachepa, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.