Ma decal a Spitfire yanga akungophwanyika, nditani?

Achimwene, ndimakhala ku Turffontein, ndikaweruka kuganyu ndimamanga timandege tapulasitiki. Ndagula Spitfire ya Airfix ya 1/72 yakalekale kwa munthu, koma ma decal ake (timapepala tazizindikiro tomata pandege) achita chikasu ndipo ndikangowaviika m'madzi amangoti phwanya ngati chigoba cha dzira. Komanso ndikufuna ioneke ngati ya asilikali a ndege a South Africa pa nkhondo yachiwiri ija. — Wowerenga wa ku Joni

Pepani bambo, zimenezo zimawawa ndithu, ine zinandichitikira ndege nditaipenta kale. Chikasucho chimachepa mukamata pepalalo pawindo loomba dzuwa kwa masabata angapo, ndipo otsalawo apakeni Liquid Decal Film ya Microscale musanaviike, amagwirana. Koma kunena zoona mungogula ena apadera, a Xtradecal kapena Techmod, bola muonetsetse kuti sikelo ndi 1/72 komanso mtundu wa Spitfire ndi womwewo, poti Mk V ndi Mk IX zimasiyana. Chinthu choti musaiwale, ndege za SAAF (asilikali a ndege a South Africa) nthawi imeneyo kadontho kapakati pa chizindikiro chozungulira cha pamapiko chija kanali ka olenji, pomwe za RAF (asilikali a ndege a Britain) kanali kofiira.

Pomata gwiritsani madzi ofunda pang'ono, masekondi 20 basi, kenako kankhirani decal-yo ndi kabulashi konyowa, osati zala. Pansi pakhale vanishi yonyezimira, apo ayi mpweya umatsalira mkati ndiye m'mbali mumaoneka mbuu ngati siliva. Mankhwala opaka otchedwa Micro Sol amafewetsa decal mpaka kulowa m'timizere ta pandegeyo, ikayamba makwinya musaikhudze, imadziwongola yokha.

Loweruka lina mudzapite ku Ditsong, nyumba yosungirako zinthu zakale za nkhondo ku Saxonwold, pafupi ndi zoo, kuli Spitfire yeniyeni, mukaione ndi maso.