Mafunso ndi Mayankho: Kodi nyika ikutha m'madambo a kuchigwa cha Shire?

Funso: Akonzi, ine ndimakhala ku Bangwe muno mu Blantyre, koma kwathu ndi ku Nsanje. Mayi anga akhala akukumba nyika kuyambira ndili mwana, ndipo ina amagulitsa kuti apeze ya mchere ndi sopo. Masiku ano akudandaula kuti akumapalasa bwato mtunda wautali asanaipeze. Kodi n'zoona kuti gwero lake ndi kusintha kwa nyengo, nanga ndiwaletse ntchitoyi? Ndine wowerenga wa ku Bangwe.

Yankho: Kwa amene anakulira m'tauni, nyika ndi mizu yobulungira ya kakombo wa m'madzi, amene masamba ake otambalala amayandama pamwamba pomwe muzuwo uli m'matope pansi. Asena ndi Amang'anja amaiwiritsa kapena kuiyanika n'kuisinja kukhala ufa, ndipo kuyambira kale yakhala nkhokwe ya chaka cha njala, yotsegulidwa pamene mapira ndi chimanga zakanika.

Zimene akuona mayi anu n'zoona. Kakombo amafuna madzi odekha, osazama kwambiri, obwera ndi kuphwera m'nthawi yake, ndipo ndondomeko imeneyi ndi imene yasokonekera. Madzi osefukira a mu 2015, namondwe wa Ana mu 2022 ndiponso wa Freddy mu March 2023 anakokolola mchenga wochuluka kudzera m'mitsinje ngati Ruo ndi Mwanza n'kuutaya m'chigwa, ndipo pamene mchenga wakwirira matope, nyika siimera bwino. Kenaka kunadza ng'amba ya 2024, imene inachititsa Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, ndipo mabanja ambiri amene minda yawo inapserera anatsikira kudambo nthawi imodzi. Apa ndi pamene pagona vuto lenileni: nyengo ikuwononga munda ndi nkhokwe yothawirako m'zaka zomwezo, choncho okumba akuchuluka pomwe malo okumba akuchepa, mpaka anthu akumalowa m'kati mwa madambo a Ndindi ndi Elephant Marsh, kumene ng'ona ndi mvuu zimakhala.

Komabe si bwino kuunjikira mlandu wonse nyengo. Namasupuni amaphimba madzi n'kutsekereza kuwala, ndipo mchenga uja umachokera m'mapiri amene anametedwa mpala, ena mwa iwo chifukwa cha makala amene ife a mu Blantyre timaphikira pambaula tsiku ndi tsiku. Elephant Marsh inalowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar mu 2017, koma kulembedwako pakokha sikuletsa mchenga kutsika.

Za kuwaletsa, sitikuona kuti lamulo lochokera m'tauni lingathandize, chifukwa palibe mayi amene amamira m'madzi a ng'ona m'nyumba muli ufa. Ngati mungathe, ndalama zimene mumawatumizira muziziunjika m'miyezi ya January ndi February, pamene njala imafika pachimake, ndipo madzi akaphwera muwathandize mbewu ya mbatata, nyemba kapena chimanga chocha msanga kuti alime kudimba. Akafuna kupitabe, apite pagulu, wina atsale m'bwato akuyang'anira, ndipo apewe mbandakucha ndi chisisira, nthawi imene ng'ona zimakonda kusaka.