Losheni wanga wachita chuku: ndithiremo chiyani kuti asawonongeke?

Kalata iyi yachokera kwa mayi wina wa ku Mangochi amene amapanga mafuta odzola n'kumagulitsa. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Ndimapanga losheni wa aloe vera ndi mafuta a malambe. Aloe wake ndimadula kuseri kwa nyumba. Ndimathiramo vitamin E ndi tea tree oil kuti asawonongeke, koma pakangotha masabata atatu mabotolo ena amatuluka timadontho takuda kukamwa, ena amayamba kafungo kowawasa. Makasitomala anga safuna ma paraben. Kumene ndimagula zipangizo akuti ndigule potassium sorbate chifukwa ndi wachilengedwe. Kodi ndigule ameneyu, kapena pali wina woposa onse?"

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Ndiyambe ndi chimene sichingadikire: mabotolo onse amene munathira tsiku limodzi ndi ochita chukuwo musawagulitse, ngakhale amene akuoneka bwinobwino. Chuku chimaoneka ndi maso, koma mabakiteriya ayi, ndipo amatha kuchulukana kwambiri losheni asanasinthe mtundu kapena fungo. Mmodzi mwa iwo, Pseudomonas aeruginosa, amakonda malo amadzi, ndipo akalowa pachilonda, pakhungu losweka kapena m'diso amayambitsa matenda ovuta kuchiza. Losheni wanu amadzola ana, amadzola agogo, amadzolanso anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika. Ndalama ya mabotolo amenewo ipite ndithu.

Vitamin E sanakulakwireni, kungoti munam'patsa ntchito yomwe si yake. Iye amateteza mafuta kuti asasasuke ndi mpweya, ndipo mafuta a malambe amamufunadi. Koma sapha bakiteriya kapena chuku. Tea tree oil amalimbana ndi tizilombo tina, inde, koma kuti ateteze botolo lonse kwa miyezi mungafunike kuthira wochuluka moti khungu lingapse. Chimodzimodzi uchi, madzi a ndimu, kapena kusunga mufiriji, makamaka kuno magetsi amathimathima, ndipo kasitomala wanu sasunga losheni mufiriji. Mukamvanso za grapefruit seed extract musatengeke. Akatswiri a ku Germany ataiyeza mu 1999 anapeza kuti imene inkapha tizilombo inali itasakanizidwa ndi mankhwala ena a m'fakitale, pomwe yeniyeniyo sinkapha kanthu.

Chinthu chilichonse chimene muli madzi chimafuna preservative, kutanthauza mankhwala oletsa mabakiteriya ndi chuku kuti zisachulukane. Mafuta okhaokha, monga shea wosakaniza ndi mafuta a malambe, safuna. Sopo wa mtanda naye safuna, chifukwa pH yake (nambala yoonetsa kuwawasa kwa chinthu: ikatsika pansi pa 7 ndiye kuti n'chowawasa) imafika 9 kapena 10 ndipo tizilombo sitikhalamo bwino. Koma losheni madzi ndi amene amachuluka, ndipo wanu ali ndi aloe wa m'munda, amene amabwera ndi shuga wake komanso tizilombo take tochokera m'dothi. Mukudziwa mmene phala lotsala limachitira likagona pa mbale mwezi wa Okutobala kunyanja kwanuko. Losheni wa aloe wopanda chomuteteza ali m'njira yomweyo, kungoti iye amabisa kwa masiku angapo.

Tsopano funso lanu lenileni. Woposa onse palibe. Amene angakugwirireni ntchito mumudziwa mukayeza pH ya losheni wanu ndi kuona zimene mwaikamo, ndipo potassium sorbate ndi chitsanzo chabwino cha chifukwa chake.

Potassium sorbate payekha ndi mchere wogona. Amadzuka akakhala m'chinthu chowawasa, mmene amasanduka sorbic acid, ndipo asidi ameneyu ndi amene amalowa m'tizilombo. Pa pH 4.8 pafupifupi theka la amene mwathira limakhala likugwira ntchito. Pa pH 5.8 limatsala gawo limodzi mwa magawo 10. Pa pH 7 sakwana ndi 1 peresenti yomwe. Mnzake sodium benzoate, amene mumamuona pa malebo a zakumwa zambiri za m'mabotolo, amafuna kuwawasa koposa apa: theka lake limagwira pa pH 4.2, ndipo pa 5.2 watsala pang'ono kwambiri. N'chifukwa chake awiriwa amachita bwino mu juwisi koma amagwiritsa mwala anthu ambiri opanga losheni. Komanso sorbate mphamvu zake zili pa chuku ndi yisiti. Pa mabakiteriya ndi wofooka, ndiye ngakhale pH itakhala bwino, yekha sakwanira. Za chilengedwezo, asidi wake anapezekadi koyamba m'zipatso za mtengo wa rowan mu 1859, koma amene akugulitsidwa lero ndi wa m'fakitale. Zimenezi sizimuipitsa, koma wogulitsayo akuuzeni zoona.

Simunandiuze emulsifier wanu, chimene mumagwiritsa ntchito kuti madzi ndi mafuta zigwirane, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. Maresipe ambiri otsika mtengo amagwiritsa stearic acid ndi triethanolamine. Losheni wotere pH yake imakhala cha m'ma 7 kapena 8, ndipo mukayesa kuitsitsa ndi citric acid amalekana, madzi pawokha mafuta pawokha. Mmenemo sorbate ndi benzoate ndi kungotaya ndalama. Ngati mumagwiritsa emulsifying wax, ya cetearyl alcohol ndi polysorbate 60, kapena glyceryl stearate ndi PEG-100 stearate, pH mukhoza kuitsitsa kufika pa 5 popanda vuto, ndipo khungu la munthu nalo pH yake ili cha pomwepo.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Tengani galamu 1 ya losheni wozizira, sakanizani ndi magalamu 9 a madzi a distilled (otcheza kuchokera ku nthunzi, opanda mchere), takasani mpaka zisungunuke, viikani kapepala koyezera pH. Gulani timapepala toonetsa bwino pakati pa 4 ndi 7, chifukwa tija toyambira 1 mpaka 14 sitisiyanitsa 5 ndi 6, pomwe kwa sorbate kusiyana kumeneko n'kwakukulu. Potsitsa, sungunulani citric acid m'madzi, dontheserani pang'onopang'ono, takasani, yezaninso.

Ndikanakhala ine, pa losheni ngati wanu ndikanayamba ndi phenoxyethanol wosakaniza ndi ethylhexylglycerin, amene amagulitsidwa ndi dzina loti Euxyl PE 9010. Amathiridwa pakati pa 0.5 ndi 1 peresenti, amagwira pa pH yotsika ndi yokwera yomwe, saopa kutentha, ndipo si paraben, gulu lija la ma preservative limene makasitomala anu safuna. Malamulo a European Union amalola phenoxyethanol mpaka 1 peresenti, ndiye 1 peresenti ya PE 9010 ili m'kati mwa malire. Inu thirani 1 peresenti yonseyo, chifukwa aloe ndi wovuta kusunga ndipo polysorbate amachepetsako mphamvu ya mankhwalawa. Phenoxyethanol ndi wamphamvu pa mabakiteriya koma wofookerako pa chuku, pomwe chuku ndi chimene chakuvutani. Ndiye apa sorbate uja wapeza malo ake: tsitsani pH ifike pakati pa 5 ndi 5.3, onjezani 0.2 peresenti ya potassium sorbate yosungunula m'timadzi pang'ono, ndi 0.1 peresenti ya disodium EDTA. EDTA amagwira ayironi ndi calcium za m'madzi, zomwe tizilombo timadalira, ndipo amafooketsa khungu la mabakiteriya kuti mankhwala enawo alowe mosavuta. Mukapeza Optiphen Plus, imeneyo ili kale ndi phenoxyethanol, caprylyl glycol ndi sorbic acid pamodzi, bola pH ikhale pansi pa 6.

Ngati makasitomala anu akakamira zovomerezeka m'zodzola zachilengedwe, pali Geogard 221, ya benzyl alcohol ndi dehydroacetic acid, pafupifupi 1 peresenti, pH pansi pa 6 ndipo ikatsika n'kwabwino koposa. Ili ndi kafungo kake kamene ena sakakonda. Geogard ECT ili ndi salicylic acid, ndiye musaiike m'zodzola za ana osakwana zaka 3. Liquid Germall Plus ndi yamphamvu, imangofunika 0.1 mpaka 0.5 peresenti, ndipo amaithira losheni atazizira pansi pa madigiri 50. Koma imatulutsa formaldehyde pang'onopang'ono, ndipo muli iodopropynyl butylcarbamate, amene ku Ulaya saloledwa m'losheni wodzola thupi lonse. Mu shampu kapena sopo wosambira wamadzi ndi yabwino. Kwa losheni wanu isiyeni.

Nkhani ya ma paraben ndikufuna ndiinene bwino, chifukwa mantha ake avulaza anthu. Inatchuka mu 2004, pamene kafukufuku wa Philippa Darbre wa ku University of Reading anapeza ma paraben m'zotupa 20 za khansa ya m'mawere. Kafukufukuyo sanaonetse kuti ma paraben ndi amene anayambitsa khansayo, koma nkhani inafalikira, makampani ambiri n'kuyamba kuwachotsa. Ena m'malo mwake anaika methylisothiazolinone, ndipo madokotala a khungu anayamba kulandira anthu ochuluka otupa nkhope ndi manja, khungu lofiira, loyabwa. Zinafika poti European Union inaletsa mankhwala amenewa m'zodzola zosatsuka kuyambira 2017, ndipo m'zotsuka amangololedwa 0.0015 peresenti. Ma paraben okha sanaletsedwe onse. Mu 2014 analetsa mitundu isanu, n'kuchepetsa propylparaben ndi butylparaben kufika 0.14 peresenti, koma methylparaben ndi ethylparaben akuloledwabe mpaka 0.4 peresenti aliyense, ndipo ali m'gulu la amene sayabwitsa khungu kawirikawiri. Sindikunena kuti mukangane ndi makasitomala anu. Ngati msika wanu suwafuna, njira zina ndakupatsani. Chimene ndikukana ndi kuchotsa paraben n'kusiya botolo lopanda chitetezo, kapena kuthira chilichonse chimene chalembedwa kuti mulibe paraben osawerenga kuti muli chiyani. Mukaona methylisothiazolinone kapena Kathon CG (mmene muli mankhwala omwewo) pa chidebe, zimenezo si za losheni.

Pomwepa nditchulenso formalin, poti mavidiyo ambiri a pa YouTube ophunzitsa kupanga sopo wamadzi amauza anthu kuti athire kachivindikiro kamodzi. Formalin ndi formaldehyde wosungunula m'madzi. Bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa World Health Organization, linamuika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 2004, ndipo ku Ulaya analetsedwa m'zodzola mu 2019. Asayandikire chilichonse chokhudza khungu la munthu.

Mankhwala abwino amalepheranso chifukwa cha kayezedwe. Peresenti ndi ya kulemera kwa losheni yense, osati kwa madzi okha. Pa kilogalamu imodzi, 1 peresenti ndi magalamu 10, 0.2 peresenti ndi magalamu 2, ndipo 0.1 peresenti ndi galamu 1. Supuni ndi chivindikiro sizingayeze zimenezi. Mufunika sikelo yowerenga mpaka 0.1 galamu. Kuthira mopitirira nakonso n'kolakwika, kumawotcha khungu ndipo phenoxyethanol akachuluka losheni amasanduka wamadzimadzi. Mukathira takasani mokwanira ndithu, kuti afike paliponse.

Kenako muchepetse ntchito imene mukuwapatsa mankhwalawo. Aloe wa m'munda ndi amene ndikumukayikira kwambiri pa vuto lanu. Ndikudziwa kuti ndiye kunyada kwa losheni wanu, koma wodula kumene ndi wovuta kusunga ngakhale kwa makampani akuluakulu, n'chifukwa chake ambiri amagwiritsa ufa wa aloe wouma. Pali wotchedwa 200x, umene galamu 1 yake ndi magalamu 199 a madzi zimabweza aloe wamadzi. Mukafunabe wanu, muchepetseni, musefeni, ndipo alowe m'madzi amene mukutenthetsa. Zomwezi ndi madzi a chidede, tiyi wa chammwamba, madzi a mpunga ndi mkaka. Madzi akhale a distilled. Akasowa, wiritsani a pampopi, koma a pamjigo amakhala ndi mchere wambiri wa m'nthaka umene kuwiritsa sikuchotsa. Madzi ndi zonse zolowa mmenemo zitenthe madigiri 70 kwa mphindi 20, ndipo amene aphwera muwabwezeretse. Mapoto, chotakasira ndi mabotolo zipopereni alcohol wa 70 peresenti, ziume zokha.

Timadontho takuda mwati timatuluka kukamwa kwa botolo, ndipo zimenezi zikundiuza kanthu. Mukathira losheni akadali wofunda n'kutseka, nthunzi imakwera n'kusanduka timadzi pansi pa chivindikiro. Timadzi timeneto mulibe preservative, ndipo chuku chimayambira pomwepo. Dikirani azizire ndithu musanatseke. Botolo la pampu kapena lofinya limateteza kuposa kachitini kopisamo chala tsiku ndi tsiku.

Kuti mudziwe ngati zagwiradi, makampani amachita mayeso a ISO 11930. Amathira dala mitundu isanu ya tizilombo m'losheni, Pseudomonas aeruginosa, Staphylococcus aureus, Escherichia coli, Candida albicans ndi Aspergillus brasiliensis, n'kuwerenga totsala pa tsiku la 7, la 14 ndi la 28. Mayeso amenewa ndi odula kwa bizinesi yaing'ono. Poyambira, sungani mabotolo angapo pa ulendo uliwonse umene mwapanga, mulembepo tsiku, lina likhale m'chipinda chotentha, lina muzidzola nokha monga amachitira kasitomala, ndipo muziyeza pH mwezi ndi mwezi chifukwa imatha kusuntha. Kenako tengani botolo latsopano ndi la miyezi itatu mupite nawo ku Malawi Bureau of Standards (MBS) akawerenge tizilombo. Muyezo wa ISO 17516 umalola tosaposa 1,000 pa galamu m'zodzola wamba, ndi 100 m'za ana osakwana zaka 3 ndi zodzola pafupi ndi maso. Poti mukugulitsa, ku MBS mufunika kupitako ndithu, ndipo mukafunsenso zoyenera kulemba pa lebo. Tsiku lothera ntchito musalembe loposa nthawi imene mwaona nokha losheni akukhala bwino.

Zipangizo zimenezi zambiri zimachokera kunja, ndiye mwina zitenga nthawi kuti zikupezeni. Poitanitsa, pemphani pepala lofotokoza zimene zili m'katimo, mlingo wake ndi pH yake, ndipo botolo lolembedwa kuti preservative basi, lopanda dzina la mankhwala, musagule. Podikirapo, pangani mafuta opanda madzi: shea, mafuta a malambe ndi 0.5 peresenti ya vitamin E wanu uja, wopanda aloe, m'chitini chouma, ndipo makasitomala muwauze asapisemo manja onyowa. Mukayeza pH, munditumizire nambala yake pamodzi ndi resipe yonse m'magalamu, tione ngati emulsifier wanu angalole sorbate kapena afunika kusintha.