Fyuzi ikapsa kachiwiri, musaikemo yaikulu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena okhala ku Cosmo City muno mu Joni. Akuti ali ndi Toyota Corolla yakale imene anagula kwa munthu chaka chatha. Mwezi wathawu anamangitsa chokokera ngolo kumbuyo, pokonzekera ulendo wa kumudzi mu Disembala. Kuyambira pamenepo nyali zofiira zakumbuyo zinayamba kuzima, limodzi ndi magetsi a pa dashibodi. Atatsegula bokosi la mafyuzi anapeza yofiira yolembedwa 10 itapsa. Anagula ina n'kuikamo, inagwira ntchito masiku awiri, yapsanso. Mnzawo wa kuntchito wawauza kuti aikemo ya 25 kapena ya 30 kuti nkhani ithe. Komanso nyali yakutsogolo ya kumanzere yafa, ndiye akufunsa ngati angathe kusintha okha babu, kapena apite kugalaja.

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanachite zimene wanena mnzanuyo. Mtima wake ndi wabwino, koma malangizo akewo akhoza kukuwotcherani galimoto. Chonde musaikemo ya 25, musaikemo ya 30.

Fyuzi ndi kachitsulo kopyapyala kamene anakapanga dala kuti kakhale kofooka kuposa china chilichonse pa njira ya magetsiyo. Nambala yolembedwa pamwamba pake ndi ma ampu, kutanthauza kuchuluka kwa magetsi amene kangalole kuti adutse. Akapitirira pamenepo kamasungunuka, magetsi n'kuduka, waya n'kupulumuka. Amene anapanga galimoto yanu anaika ya 10 chifukwa waya wopita ku nyali zakumbuyo ndi wowonda, sangasenze magetsi ochuluka. Mukaikamo ya 30, fyuzi idzapirira ndithu, koma waya sadzapirira. Adzayamba kutentha malo amene inu simukuona, pansi pa kapeti kapena kuseri kwa dashibodi, kumene mawaya ambirimbiri anamangidwa mtolo umodzi.

Ndinaziona ndi maso anga ndili pa galaja ina kufupi ndi Booysens. Anabwera bambo wina wa kwathu konkuno, galimoto yake ili yokokedwa. Fyuzi inkamuvuta, ndiye anatenga kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya n'kukulunga fyuzi yopsayo, n'kuibwezeramo. Anayenda nayo sabata imodzi. Tsiku lina madzulo ali pa M1 anamva fungo la pulasitiki wopserera, kenako utsi unayamba kutulukira m'mabowo a mpweya. Mwayi wake anaima msanga n'kuchotsa waya pa batire. Titamasula dashibodi tinapeza mawaya atamatirirana ngati nkhoko pansi pa mphika, mitundu yake osadziwikanso, ena atasanduka mkuwa wokhawokha. Bamboyo anangokhala pa tayala pakhomo pa galaja, manja ali kumutu. Ndalama zimene ankasungira ana a sukulu kumudzi zinathera pamenepo. Fungo lija ndimalikumbukirabe, n'chifukwa chake nkhani iyi sindiitenga mopepuka.

Tsono fyuzi yanu ikupseranji? Inu nomwe mwanena kale osadziwa: vuto linayamba atamanga chokokera ngolo. Tiwerengere limodzi. Magetsi a galimoto ndi a mavoti 12. Mababu a nyali zakumbuyo, a pa nambala, ndi ang'onoang'ono akutsogolo aja, lililonse limadya mawati 5. Akakhala 6 ndiye mawati 30. Gawani 30 ndi 12, mupeza ma ampu awiri ndi theka. Onjezerani timagetsi ta pa dashibodi, onjezeraninso mababu a ngolo, simufikabe pa 10. Ndiye kuti katundu sanachuluke ayi. Pali waya wina wosendeka amene akugunda chitsulo cha galimoto, zimene timati shoti. Ndipo poti fyuzi yatsopano inakhala masiku awiri isanapse, wayayo sakugunda nthawi zonse. Amagunda galimoto ikagwedezeka, mukaponda dzenje kapena mukakwera hampu.

Loweruka likubwerali, kunja kukuwala, tsegulani buti muchotse kapeti ndi zotchinga za m'mbali, mupeze pamene anadulira mawaya a nyali n'kulumikizapo a ngolo. Anyamata ambiri omanga zokokerazi amangosenda waya, kupotokola, kukulunga tepi, basi. Tepiyo ikatenthedwa ndi dzuwa imamasuka. Tsatirani wayayo mpaka pamene akutulukira kunja. Ngati anaboola chitsulo n'kudutsitsa waya popanda kalabala kotchinga m'mphepete mwa bowo, yang'anitsitsani pomwepo, chifukwa chitsulo chimadya waya pang'onopang'ono ngati mpeni. Kenako gonani pansi mumasule soketi ya ngolo, ija ya mabowo 7. Mvula ya kuno ya m'chilimwe mukuidziwa, imabwera ndi mabingu masana n'kudzaza misewu m'kanthawi kochepa. Madzi akalowa m'soketi mumachita dzimbiri lobiriwira, ndipo kawaya kamodzi kakasomphoka kamakhudza kanzake. Mukafuna kutsimikiza, masulani mawaya onse a ngolo pamene anawalumikizira, tsekani bwinobwino a galimoto, ikani fyuzi ya 10 yatsopano, muyende masiku angapo. Ikapanda kupsa, wolakwa wapezeka. Ikapsabe, pitani kwa katswiri wa magetsi a galimoto, ndipo mukamufotokozere zonse zimene mwayesa kale kuti asayambire patali.

Kwa ena amene akuwerenga koma sanatsegulepo bokosi la mafyuzi, galimoto zambiri zili ndi mabokosi awiri. Lina lili mu boneti pafupi ndi batire, lina lili mkati, pansi pa chiwongolero kapena m'mbali mwa dashibodi. Kuseri kwa chivundikiro kumakhala chithunzi chosonyeza fyuzi iliyonse ndi ntchito yake, ndipo nthawi zambiri mumakhala kopanira kapulasitiki kozulira. Zimitsani injini ndi magetsi onse, chotsani kiyi, zulani imodzi yokha, muiyang'ane polozetsa kowala. Kachitsulo ka mkati kakaduka kapena pakada, yapsa. Musazule zambiri nthawi imodzi, mudzaiwala malo ake. Amene ali ndi tesita, kaja kokhala ngati sikuludiraiva koyaka mkati, safunika n'kuzula komwe. Pamwamba pa fyuzi pali timadontho tiwiri tachitsulo. Yatsani nyali zimene zikuvutazo, gunditsani tesita pa kadontho aka ndi ako. Tesita ikayaka mbali zonse ziwiri fyuzi ili bwino, ikayaka mbali imodzi yokha yapsa.

Mitundu yake sanangoipaka mwachisawawa. Yofiira ndi 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yoyera kapena yoonekera mkati 25, yobiriwira 30, yabulawuni 7.5. Koma kukula kwake kumasiyana, zilipo zazikulupo, zazing'ono, ndi zina zofupika miyendo. Choncho potuluka kukagula ku Midas, ku AutoZone kapena pa shopu ya masipeyala ya kufupi ndi kwanu, nyamulani yopsayo m'thumba mukaonetse. Ikakupserani usiku mulibe ina, mukhoza kubwereka ya nambala yomweyo pa chinthu chosafunika kwambiri monga wailesi, kapena kuikamo ya nambala yocheperapo kuti mukafike kunyumba. Yocheperapo siwononga kanthu, imangopsa msanga.

Tibwere ku nyali yakutsogolo ija. Inde achimwene, mukhoza kusintha nokha, ndipo ndikufuna muphunzire, chifukwa babu silisankha malo ofera. Koma musanagule kanthu, bwererani ku bokosi la mu boneti. Ma Toyota ambiri ali ndi fyuzi ya nyali ya kumanzere payokha ndi ya kumanja payokha, zolembedwa LH ndi RH. Ikakhala bwino, ndiye tichotse babu.

Dikirani lizizire ngati nyali zinali zoyaka, chifukwa limatentha moti likhoza kusupula khungu. Kuseri kwa nyali mupeza pulagi ya mawaya. Igwireni pa pulasitiki poikoka, osati pa mawaya, n'kumaigwedeza pang'ono uku ndi uku mpaka itatuluka. Vulani chilabala chakuda chotchinga fumbi ndi madzi. Mkatimo muli kawaya kolimba kopanira babu. Kanikizani nsonga yake, ikankhireni pambali, katseguka ngati kachitseko. Apa imani kaye. Musanatulutse babu, lijambuleni ndi foni mmene lakhalira. Likatuluka werengani zolembedwa pa chitsulo chake. Mukaona H4, limenelo ndi la miyendo itatu, lili ndi timawaya tiwiri mkati, ka dimu ndi ka bulaiti, mawati 55 ndi 60. N'chifukwa chake nthawi zina dimu imafa koma bulaiti n'kumayakabe. Mukaona H7, ndi la miyendo iwiri, kawaya kamodzi, mawati 55. Gulani lofanana ndendende.

Latsopanolo musaligwire pa galasi. Mababu amenewa ndi a halogen, ndipo mafuta a m'zala akatsalira pa galasi, pamenepo pamatentha kuposa pena ponse, babu n'kufa msanga. Ligwireni pa chitsulo. Mukalikhudza mwangozi, pukutani ndi kansalu koyera konyowetsa ndi sipiriti, lidikireni liume. Polowetsa musakakamize. Lili ndi timakutu timene timalowa njira imodzi yokha, ndipo likakhala pamalo pake mumamva kuti lakhazikika, siligwedera. Ndimaona galimoto zambiri mumsewu zimene nyali imodzi ikuunika kumitengo, ina pansi. Kawirikawiri ndi babu lolowetsedwa mopendekera ndi munthu amene ankachita changu. Tsekani kopanira, bwezerani chilabala chigwire mozungulira monse, lumikizani pulagi. Madzulo imikani galimoto moyang'ana khoma pamalo osatsetsereka, muyatse dimu, muone ngati kuwala kwa mbali zonse kwafanana msinkhu. Ngati thumba likulola, sinthani onse awiri. Anayamba ntchito limodzi, linalo silikhala kutali. Lakale limene likadali moyo likulungeni bwino mulisunge.

Pa shopu mwina akuonetsani a mawati 100, akuti amawala ngati masana. Akaneni. Amakoka magetsi pafupifupi kawiri, amasungunula pulagi, ndiponso amathobwa m'maso anzanu ochokera kutsogolo. Chimodzimodzi ma LED otchipa olowetsa mu nyali imene anaipangira halogen: kuwala kumangomwazika, inu mkati mukuona ngati kwayera, koma msewu patali osaoneka. Amene galimoto zawo zinabwera ndi nyali za xenon, zija zoyera mwabuluu, musazigwire nokha ayi. Poyaka zimagwiritsa ntchito mavoti masauzande ambiri.

Ngati babu latsopano likuyaka mofooka, mwachikasu, vuto si babu. Yang'anani waya wobwezera magetsi ku chitsulo cha galimoto, amene amakaniko timati ethi, mwina wachita dzimbiri pomangira. Ngati mababu akungofa mwezi ndi mwezi, kapimitseni alternator, chipangizo chimene chimatchaja batire. Injini ikulira, pa batire pamayenera kukhala mavoti a pakati pa 13.5 ndi 14.5. Akamafika 15, akukuphikirani mababu.

Poti mukhala kale mu buti, onaninso mababu akumbuyo. La mabuleki ndi nyali yofiira nthawi zambiri limakhala limodzi, lolembedwa P21/5W, la timawaya tiwiri ndi timadontho tiwiri kumatako kwake. Timapini take ta m'mbali sitili pa msinkhu wofanana, kuti lilowe njira imodzi. Munthu akakakamiza la kadontho kamodzi pamalo pa limeneli, zimachitika zodabwitsa, mukaponda buleki magetsi a pa dashibodi n'kumayaka. Galimoto yogula kwa munthu simudziwa amene anaigwirapo, ndiye tsimikizani. Indiketa ikayamba kuphethira mothamanga mbali imodzi, dziwani kuti babu la mbali imeneyo lafa, kutsogolo kapena kumbuyo. Nyali za mabuleki mukhoza kuziona nokha pobwerera chakumbuyo kufupi ndi khoma kapena galasi la shopu usiku, n'kuponda buleki mukuyang'ana pa kalilole.

Pakadali pano, mpaka shotiyo ipezeke, chonde musayende usiku. Lamulo la pamsewu la dziko lino limafuna kuti nyali ziziyaka kuyambira dzuwa likalowa mpaka litatuluka, komanso nthawi iliyonse imene munthu kapena galimoto sizikuoneka bwino pa mtunda wa mamita 150. Apolisi akakuimitsani adzakulemberani chindapusa, koma chimene chikundidetsa nkhawa ine si chimenecho. Misewu yambiri ya muno mu Joni magetsi ake sayaka. Galimoto yopanda nyali zakumbuyo mumdima wotero, wobwera pambuyo amaiona ataifika kale. Ya diso limodzi kutsogolo, woyenda pansi amaiyesa njinga yamoto n'kuyamba kuwoloka.

Ndiye ganizirani ulendo wanu wa Disembala. Kuchoka kuno kukafika ku Beitbridge ndi makilomita oposa 500 pa N1, kudutsa Polokwane ndi Musina, malole ali mdipiti. Kenako Harare, Nyamapanda, Tete, mpaka Zobue ndi Mwanza, ngolo yodzaza katundu ili kumbuyo, ana ali mtulo pampando. Kwinakwake usiku udzakupezani basi. Musananyamuke, kolekani ngolo, wina aime kumbuyo, muyese chimodzichimodzi: nyali zofiira, mabuleki, indiketa ya kumanzere, ya kumanja. M'kabokosi ka pa dashibodi muikemo mafyuzi awiriawiri a nambala iliyonse imene ili m'galimoto mwanu, babu limodzi lakutsogolo, awiri akumbuyo, tepi, pulaya ndi tochi ya mabatire ake, chifukwa foni imatha moto pa nthawi yoipa.

Mukamasula soketi ija Loweruka, ijambuleni mkati mwake pamodzi ndi pamene analumikizira mawaya, munditumizire pa imelo yomweyi. Ndikaona zithunzizo ndikuuzani ngati ndi zoti mukonze nokha kapena mubwerere kwa amene anamanga akakonzenso.