Kodi enhancer imayatsa bwanji jini ili kutali nayo?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mchemwali wina wa ku Chilomoni amene akuphunzira unamwino. Akuti: "Aphunzitsi anatiuza kuti kachigawo ka DNA kotchedwa enhancer kamatha kuyatsa jini yomwe ili kutali nako. Zimatheka bwanji, poti zinthu ziwirizi sizinayandikane?"

Achemwali, mwafunsa bwino, ndipo nkhaniyi ndimaikonda. Kwa ena amene mukuwerenga, majini ndikunena pano ndi malangizo a chibadwa olembedwa mu DNA, osati mizimu ija ayi.

Tiyambire apa. Selo la m'diso lanu ndi selo la m'chiwindi ali ndi DNA yofanana, majini opanga mapuloteni pafupifupi 20,000 onse alimo. Chimawasiyanitsa n'chakuti lililonse limawerenga ake, ena n'kuwasiya chitsekere. Kuwerengako ndi kumene aphunzitsi anu amati transcription: puloteni yotchedwa RNA polymerase II imakhala poyambira jini, pamalo otchedwa promoter, n'kuyamba kukopera malangizo aja kukhala RNA. Koma payokha imagwira ntchito mwaulesi. Imafuna woilimbikitsa.

Enhancer ndi kachigawo kafupi, zilembo za DNA mazana angapo basi, ndipo sikapanga puloteni iliyonse. Ntchito yake n'kukhala potera pa mapuloteni otchedwa transcription factor, omwe ndi olimbikitsa polymerase aja. Selo lililonse lili ndi gulu lakelake la mapuloteni amenewa. Choncho enhancer yomwe yadzaza alendo m'selo lopanga magazi imangokhala pululu m'selo la pakhungu.

Tsono za kutalikirana zija. Vuto ndi chithunzi cha m'buku, chomwe chimajambula DNA itawongoka ngati msewu wa Chipembere. M'selo simuli choncho. DNA ya selo limodzi ndi yaitali pafupifupi mamita 2, ndipo yonseyo inapindidwa kuti ikwane m'kamalo kosaoneka ndi maso. Tengani chingwe choyanikira zovala, mumange mfundo ziwiri motalikirana, kenako muchipinde. Mfundo zija zigundana, chingwe chapakati chingolendewera. N'zimene zimachitika. Puloteni yonga mphete yotchedwa cohesin imakoka DNA n'kuipinda, ina yotchedwa CTCF imaika malire poti kupindako kulekezere, ndipo gulu la mapuloteni lotchedwa Mediator limafikitsa uthenga kuchokera pa enhancer kupita kwa polymerase. Jini ija imayamba kukoperedwa pafupipafupi.

Enhancer yoyamba anaipeza mu 1981 ku Zurich m'dziko la Switzerland, mu labu ya wasayansi Walter Schaffner, m'kachilombo ka anyani kotchedwa SV40. Anadabwa kuona kuti ngakhale aitembenuze, aiike kutsogolo kapena kumbuyo kwa jini, imagwirabe ntchito. Pambuyo pake inapezeka ina yotchedwa ZRS, yomwe imalamulira jini ya Sonic hedgehog pamene zala za mwana zikuumbika m'mimba, chonsecho ili patali zilembo pafupifupi 1 miliyoni. Chilembo chimodzi chikasintha pamenepo, mwana atha kubadwa ndi chala choonjezera kumbali ya chala chachikulu.

Koma chimene ndikufuna musaiwale, inu amene mudzasamala odwala, ndi ichi. Mukadzalowa wodi ya ana a khansa ku Queens mudzakumana ndi Burkitt lymphoma, imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana kuno ku Malawi, ija imatupitsa nsagwada kapena mimba mofulumira. Denis Burkitt anaifotokoza mu 1958 ali ku Uganda. Malungo obwerezabwereza ndi kachilombo ka Epstein-Barr zimathandizira kuti iyambe, koma pakatikati pa nkhaniyi pali enhancer. M'maselo oteteza thupi otchedwa B muli ma enhancer amphamvu kwambiri, oyenera kuyatsa majini opanga asilikali a m'thupi. DNA yathu inagawidwa m'mitolo yotchedwa makromozomu. Kromozomu 8 ikaduka n'kusinthana zidutswa ndi kromozomu 14, jini ya MYC, yomwe imauza selo kuti ligawikane, imakapezeka pafupi ndi ma enhancer amenewa. Iwo sasankha. Amayatsa chimene ayandikana nacho, usana ndi usiku, ndiye selo limangogawikana osaleka. Zimandikhudza mtima ndikaganiza kuti chotupa chachikulu chotero pankhope ya mwana chimayamba ndi kusuntha malo kwa kachidutswa kosaoneka.

Nzeru yomweyi yayambanso kuchiza. Mwana akabadwa, jini ya BCL11A imazimitsa hemoglobin (puloteni yonyamula mpweya m'magazi) yomwe ankagwiritsa ntchito ali m'mimba. Kwa wodwala sickle cell, matenda obadwa nawo obwera chifukwa cha vuto mu jini ya hemoglobin ya akuluakulu, hemoglobin ya ukhanda ija ndi imene ikanamuteteza. Mankhwala a Casgevy, omwe anavomerezedwa ku Britain mu Novembala 2023, sakhudza n'komwe jini yodwalayo. Amadula enhancer ya BCL11A yomwe imagwira ntchito m'maselo okhawo amene amadzakhala maselo ofiira a magazi. Motero hemoglobin ya ukhanda imabwerera, pamene BCL11A ikupitiriza ntchito zake m'ziwalo zina. Mtengo wake ku America ndi madola oposa 2 miliyoni pa munthu mmodzi, kutali zedi ndi matumba athu.

Pa mayeso, achemwali, mukajambule DNA itapindika, enhancer ikugunda promoter, mapuloteni ali pakati.