Ka Sienta, masiku anayi ndi mapiri a ku Mpoto: yankho kwa achemwali a ku Blantyre

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Blantyre, dzina sinditchula poti sitinagwirizane zotchulana. Nkhani yawo ndi yoti mu Julayi akubwera kuno ku Mzuzu ku ukwati wa mnzawo wa kuntchito, ali anthu anayi, ndiye ukwati ukatha Loweruka atsala ndi masiku anayi a holide. Mulanje akuti anakwerapo kawiri, kunyanja atopa nako, akufuna mapiri. Galimoto ndi Sienta. Andilembera malo anayi, Nyika, Livingstonia, Vwaza ndi Luwawa, nkufunsa ngati zonsezi zingatheke. Kumapeto awonjezera kafunso kena, akuti kodi ku Nyika si kwa azungu okha, ife akatilandira?

Achemwali, zikomo polemba. Ndiyambe ndi lomalizalo poti ndi lapafupi. Nyika ndi paki ya boma, yanu ndi ine, ndipo pa geti M'malawi amalipira ndalama yochepa kuposa mlendo wakunja, bola mutenge chiphaso chanu cha unzika. Chimene chimatithamangitsa ambirife ku Nyika si azungu ayi, ndi msewu ndi mtengo wa pogona. Pogona pali njira, mutha kugona mu tenti kapena kutenga kanyumba kodziphikira nokha anthu anayi nkugawana bilu. Msewu ndiye nkhani ina, ndibwerako.

Tsopano funso lenileni. Zonse zinayi pa masiku anayi, pa Sienta? Ayi. Mwina zitha kutheka ngati cholinga ndi kujambula chikwangwani cha malo aliwonse nkuponya pa status, koma mudzabwerera ku Blantyre mutangoona kumbuyo kwa mpando wa adalaivala ndi fumbi. Mapu amanama kuno. Malo amaoneka oyandikana koma pakati pake pali zitunda, makona ndi misewu yoti makilomita 60 amakudyerani maola awiri kapena atatu. Komanso tisanamizane, Lamulungu m'mawa pambuyo pa perekaniperekani palibe amene adzadzuke 5 koloko, miyendo idzakhala ikuwawa ndi kuvina kkkk. Ndiye masiku anu enieni ndi atatu ndi theka, ndipo limodzi ndi la ulendo wobwerera kwanu.

Ine ndikanakhala inu ndikanasankha Livingstonia, ndipo ndikanakwera wapansi.

Mukanyamuka pa Mzuzu mumatenga M1 kulowera ku Karonga, kudutsa Ekwendeni, Enukweni, Phwezi, kenako mtsetse wa Chiweta uja. Pamenepo adalaivala asathamange, makona ndi akuthwa, mathiraki amafuta ochokera ku Tanzania amakwera mwa kamba ndipo anyani amakhala pamsewu ngati anagula malowo. Koma pali kona ina imene nyanja imangotulukira mwadzidzidzi kutsogolo kwanu yonse yathunthu, ine ndadutsapo kosawerengeka koma mpaka lero ndimasiya kulankhula ndikafika pamenepo. Mukatsika mwafika ku Chitimba, m'mphepete mwa nyanja. Galimoto isiyeni pa malo ogona alendo alionse pamenepo, mulipire kangachepe kuti akuyang'anirireni, mumange zingwe za nsapato.

Kuchokera pa Chitimba kukwera ku Livingstonia ndi msewu wa Gorodi, makilomita pafupifupi 15, makona 20 opindika ngati njoka yomwe yapondedwa, ndipo ambiri analembedwa manambala kuti muziwerenga mavuto anu. Galimoto zamphamvu zimakwera, mapikapu a matola amakweranso anthu atapakirana ndi matumba a ufa, koma Sienta ayi achemwali, mudzasiya bampala pa kona yachitatu. Anthu ena akuuzani kuti masiku ano kuli njira ina yabwinoko yodzera ku Njakwa kufupi ndi Rumphi, ndi zoona, ndipo ngati mmodzi wa inu ali ndi vuto la bondo mutha kudzera kumeneko. Koma inu mwati mukufuna phiri. Wapansi Gorodi ndi maola atatu kapena anayi, malingana ndi mapapo anu, ndipo pali tinjira tachidule todula makona tomwe anyamata a pa Chitimba amatidziwa. Tengani mmodzi akutsogolereni, mugwirizane mtengo musananyamuke osati mutafika pamwamba. Tinjira timeneti ndi toima zedi, mumagwira mizu ndi manja, koma kwa munthu amene anakwerapo Mulanje izi ndi zamasewera. Chovuta ndi dzuwa, chifukwa pansi kunyanja kumatentha ngakhale mu Julayi, ndiye madzi malita awiri aliyense, ndipo musanyamuke dzuwa lili paliwombo. Ngati mwafika mochedwa gonani pa Chitimba, mudye batala kapena usipa waiwisi, mukwere Lolemba mbandakucha.

Musanafike m'tauni ya mishoni, makilomita ngati anayi, pali mathithi a Manchewe. Madzi amagwa mamita pafupifupi 125 kulowa m'chigwa chodzaza mitengo, ndipo mukaima pamwamba mumaona chigwacho chikutsetsereka mpaka kunyanja. Ambiri amathera pomwepo, kujambula nkumapita. Inu musatero. Pali kanjira kotsikira kuseri kwa madzi komwe kuli phanga, ndipo anthu akumeneko amakamba kuti makolo awo, Aphoka, ankabisala m'menemo nthawi ya nkhondo ndi yogwira akapolo. Ukakhala m'phangamo madzi akugwa kutsogolo kwako ngati katani, phokoso loti mnzako akulankhula sukumumva, umamvetsa chifukwa chake munthu wofunafuna anthu ankadutsa osadziwa kuti muli mtundu wathunthu. Miyala ndi yoterera, masilipasi ndi timasandasi ta ku ukwati tisiyeni m'chikwama. Ana amabwera kudzadzipereka kuti akulondolereni, ine ndimakonda kutenga wamkulu, ana akhale ku sukulu.

Tauni yake ndi yaing'ono koma mbiri ndiye yodzaza. Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, malungo anawavuta nkusamukira ku Bandawe ku Nkhata Bay mu 1881, kenako mu 1894 Dr Robert Laws anakwera nayo pa phiri la Khondowe kuthawa udzudzu womwewo. Ndiye mukamapuma wefuwefu pa kona ya nambala 14 muzikumbuka kuti katundu wa mishoni, makina, mapaipi, mabuku, zambiri zinakwera phiri limeneli pamitu ndi pamapewa a anthu akuno. Nyumba ya Laws, Stone House, pano ndi miziyamu, muli zithunzi ndi zipangizo zakale. Tchalitchi chili ndi windo la magalasi amitundu lojambulidwa David Livingstone. Chipatala cha David Gordon Memorial chikugwirabe ntchito, ndipo University of Livingstonia ili pomwepo, ndiye mudzakumana ndi ma student ali ndi malaputopu pakati pa nyumba za njerwa za zaka zoposa 100.

Koma chimene ine ndimatengera alendo anga ndi pa kapinga pafupi ndi Stone House. Mu 1959, nthawi ya State of Emergency, boma la atsamunda linatumiza ndege kudzaponya uthenga kufunsa amishoni achizungu ngati akufuna kuwachotsa poopa kuti anthu akuda awachita chipongwe. Yankho lake anayala pansi ndi zilembo zikuluzikulu zoti ndege iwerenge, Aefeso 2:14, vesi lonena za khoma lolekanitsa anthu kugumulidwa. Anakhala. Zilembozo zilipobe mpaka lero. Mwafunsa za malo a azungu okha, ndiye ndati nkhani imeneyi muimve.

Tsiku lotsatira ngati miyendo ikulola pitani pa Chombe, phiri lija looneka ngati tebulo mukakhala pa Chitimba. Ndi ulendo wa tsiku, kupita ndi kubwerera, kudutsa m'minda ndi m'midzi, ndipo pamwamba kukakhala kopanda nkhungu mumaona mapiri a tsidya la nyanja ku Tanzania. M'njira muzipereka moni. Kuno ndi kwa Atumbuka, Chichewa amamva bwinobwino koma mukati monire amama, muli uli, ndi yewo chomene pothokoza, nkhope zimasintha, mwina mpaka nthochi mupatsidwa.

Tsopano Nyika, poti ndikudziwa mtima wanu uli kumeneko. Sindikukuletsani chifukwa ndi koipa, ayi, kwa ine kulibe malo ena ngati amenewo m'Malawi muno. Ndi paki yaikulu kuposa onse, masikweya kilomita oposa 3,000, komanso yoyamba, inakhazikitsidwa mu 1965. Koma musayembekeze Mulanje wina. Ku Mulanje mumalimbana ndi miyala kuti mufike pa Sapitwa, mamita 3,002. Ku Nyika galimoto ndi imene imakwera, inu mumangopezeka muli pamwamba kale, zitunda za udzu zongotsatizana mpaka kumene maso athera, mphepo yokhayokha. Nsonga yake yaitali, Nganda, ndi mamita oposa 2,600 koma kuikwera kwake ndi kuyenda chabe. Kukoma kwake nkwakuti mumayenda wapansi kapena pa njinga yakapalasa mbidzi zikudya udzu chapompano, chilembwe, ntchefu, mphoyo, njiri zikuthawa michira ili m'mwamba. Akambuku aliko ambiri ngakhale kuwaona ndi mwayi, afisi mumawamva usiku, ndipo mu 2017 anabweretsako njovu 34 kuchokera ku Liwonde. Nchifukwa chake ulendo wautali wapansi mumayenda ndi reinja, mlonda wa paki, osati nokha. Pali ka nyanja ka Kaulime, thanthwe la Jalawe komwe mumasuzumira chigwa chakuya mpaka mutu kuzungulira, madamu a pa Chelinda, kampu yogonako alendo mkati mwa paki, omwe anthu amawedzamo, ndipo nthawi ya mvula, Januwale ndi Febuluwale, maluwa a orchid mitundu yoposa 200 amatuluka, kungoti nthawi imeneyo msewu ndi phala.

Msewuwo ndi uwu. Mzuzu kukafika pa Rumphi palibe vuto. Pa Rumphi ndi pomaliza kuthira mafuta, kugula buledi ndi kutapa ndalama, kutsogolo kulibe filing'i siteshoni. Kenako Bolero kwa a Chikulamayembe, kukwera mpaka pa geti ya Thazima, ndiye pamenepo anthu amaomba m'manja kuti tafika, osadziwa kuti kukafika pa Chelinda patsala makilomita ena ngati 60 afumbi, ndipo penapake msewu umalowa mu Zambia pang'ono nkubwereranso popanda wokufunsani pasipoti. Ine ulendo wanga woyamba ndinapita pa kagalimoto kobwereka, mwini wake anandilumbirira kuti sipeya ili bho. Tayala linaphulika titadutsa geti, kutsegula kumbuyo sipeya ilibe mpweya ngakhale wa kubaluni. Netiweki zero. Tinakhala pamenepo kuyambira 3 koloko mpaka mdima, ine nditavala kamalaya ka manja aafupi poti ndine wa ku Mzuzu kuzizira ndimakudziwa, eeeh, ndinaphunzira tsiku limenelo kuti kuzizira kwa Mzuzu ndi kwa ana. Anatipulumutsa ndi anthu ena a pa Land Cruiser omwe anali ndi pampu. M'mawa mwake udzu wonse unali mbuu ndi chisanu, madzi omwe tinasiya panja mu beseni atagwira ayisi pamwamba. Umenewo unali mwezi ngati womwe mukubwerawu.

Ndiye ngati Nyika simungaisiye, chitani chonchi, Sienta itsale ku Mzuzu, musonkherane mupange hayala galimoto ya 4x4 ndi dalaivala wodziwa njira, masiku atatu onse akhale a Nyika, Livingstonia mudzabwerere chaka china. Kusakaniza ziwirizi kulipo koma ndi kwa anthu a nthawi, pali njira yapansi yochoka pa Chelinda kutsikira ku Livingstonia, masiku atatu mukugona m'matenti ndi reinja ndi onyamula katundu. Imeneyo isungeni, ndi ulendo wofunika holide yakeyake.

Vwaza ndi kwabwino, pa nyanja ya Kazuni mvuu zimangoti mbwee ndipo njovu zimabwera kudzamwa madzi, koma ndi kuchigwa, si phiri, kuli akashembe oluma ngati jakisoni, ndipo inu a ku Blantyre Majete ndi Liwonde muli nazo pakhomo. Idumpheni.

Luwawa yokha ndi imene mutha kuiphatikiza mosavuta chifukwa ili pa njira yanu yobwerera. Mukachoka Mzuzu kulowera ku Mzimba mumadutsa m'nkhalango ya Chikangawa pa mapiri a Viphya, paini yemwe anadzalidwa mahekitala oposa 50,000 ndi cholinga cha fakitale ya mapepala yomwe sinamangidwe. Zimandiwawa kunena koma mbali zambiri mudzaona zitsa ndi malo opserera, macheka ndi moto zinadya nkhalango imeneyi ife tikuona. Yang'anani Elephant Rock, chimwala chooneka ngati njovu, chimaonekera pa M1 pomwe. Ku Luwawa mumapatuka pa tala kulowa msewu wafumbi, mu Julayi kouma Sienta imafika bola pang'onopang'ono, kuli damu, mabwato opalasa, njinga ndi tinjira ta m'nkhalango. Kugona usiku umodzi kuti mupumule pa ulendo wa ku Blantyre, basi zokwanira.

Za kuzizira ndanena kale koma ndibwereze poti anthu a kummwera mumadalira chiperoni kuti chinakuphunzitsani. Kuno Julayi kumacha ndi nkhungu ndi kamvula kowaza, ku ukwati komweko mudzaona azimayi atafunda zitenje pamwamba pa madiresi odula. Jekete lenileni, chipewa, masokosi awiriawiri, ngati mulibe pitani pa kaunjika mumsika wa Mzuzu Lachisanu mukangofika, majekete ndiye timawadziwa. Tochi, pawa banki, ndi ndalama ya m'manja chifukwa Airtel Money ndi Mpamba zimafuna netiweki yomwe kumapiriko imabwera ikafuna. Khofi wa Mzuzu mugule pobwerera kuti asakulemereni pa Gorodi. Ndipo sipeya ya Sienta ija, musafunse mwini wake ngati ili bho, itulutseni muiponde nokha musanachoke ku Blantyre.